Nkhope za M'mphepete mwa Chithunzi

Kuyambira ku Likoswe mpaka ku Namitambo, kunalibe ukwati kapena ubatizo umene unkachitika popanda Alufeyo Nampinga. Ankafika pa njinga yake yakapalasa, kamera ikulendewera pachifuwa, n'kuyamba kulamula anthu ngati msilikali: aatali kumbuyo, ana akhale pansi, amene akutafuna ameze kaye. Filimu ikadzaza ankapita nayo ku Limbe kukatsukitsa, ndipo pobwera ankayenda khomo ndi khomo kugawa zithunzi. Manegetivu sankataya. Ankawasunga m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi, osati poti ankadziwa chochita nawo, koma mtima sunkamulola kuotcha nkhope za anthu.

Komatu munthu amene anajambula dera lonseli analibe chithunzi cha mkazi wake. Yunis ankaithawa kamera. Akangoona mwamuna wake akuikweza, ankadziphimba kumaso ndi chitenje uku akuseka, amvekere, "Jambulani olipirawo, ine mumandiona tsiku ndi tsiku." Anamwalira mu 1994 atangodwala masiku ochepa, mwana wawo Esnat asanayambe n'komwe sukulu. Akuchikazi sanamuchotse Alufeyo pamudzi wawo wa kufupi ndi Mbombwe. Anati akhale, alere mwanayo. Esnat anakula, anakwatiwa pamudzi pomwepo, anabereka, koma nkhope ya mayi ake ankangoimva m'kamwa mwa anthu.

Pofika 2008 ntchito yojambula inali itazilala. Anyamata a ku Limbe ankabwera m'maukwati ndi makamera opanda filimu, okujambula n'kukuonetsa pomwepo, ndipo Alufeyo anabwerera ku khasu. Chaka chimenecho nandolo anachita bwino, anagulitsakonso mbuzi, moti kwa nthawi yoyamba anali ndi ndalama zokwanira malata. Nyumba yake inali yanjerwa zootcha koma yofolera ndi udzu, ndipo dzinja lililonse ankachezera kusunthasuntha bedi.

Mu Okutobala, dzuwa lili lophulitsa mutu, kunabwera Trevor, mwana wa mlongo wake, amene ankagwira ntchito ku Joni. Atapatsana moni pakhonde, Trevor anatulutsa m'chikwama chinthu chakuda chaphanthiphanthi, chonunkhirabe m'sitolo.

"Atsibweni, iyi ndi laputopu. Ndi kompyuta yomwe ija ya m'maofesi, kungoti iyi imapindika ngati buku. Ndabwera nayo kuti ndigulitse ndisanabwerere."

"Nanga ine ndikalembapo chiyani? Ndine kalaliki ine?"

"Si yolembera kokha. Tandibwerekani manegetivu anu angapo, muone."

Alufeyo anatapa m'sutikesi osasankha n'kumupatsa. Trevor anapita nawo ku situdiyo ina ku Limbe, ndipo anabwerako ndi kambale konyezimira kotchedwa sidi. Anati zithunzi zonse za pa manegetivu aja zalowa m'menemo. Alufeyo anakatembenuza kambaleko, anakayang'ana padzuwa, sanaonemo munthu. Anangopukusa mutu.

Masana amenewo anakhala m'nyumba, atatseka zenera kuti kuwala kusasokoneze. Esnat anabwera ndi mwana kumbuyo n'kukhala pamkeka. Trevor analowetsa sidi ija m'nthiti mwa laputopu, inalira pang'ono ngati njuchi, kenaka galasi lonse linadzaza ndi anthu.

Unali ukwati wa ku tchalitchi cha ku Mbombwe. Alufeyo anaukumbukira nthawi yomweyo, koma sanauonepo chonchi. Iye anazolowera zithunzi zazing'ono ngati chikhatho, zimene anthu a kumbuyo ankangooneka ngati njere za mapira. Apa diresi la mkwatibwi linkawala ngati muli nyali m'kati mwake. Trevor anayendetsa chala, ndipo chithunzi chinayamba kuyandikira, ngati munthu akuyenda kulowa m'katimo. Anadutsa akwati, anadutsa ankhoswe, n'kufika pa khamu la kumbuyo. Njere za mapira zija zinasanduka anthu, aliyense ndi maso ake ndi pakamwa pake.

"Awa si a Bakili otema nyama aja?" anatero Alufeyo. "Uyu ndi Angella wa kwa Likoswe. Uyu anamwalira. Uyunso anamwalira." Mawu ake ankatsika pamene ankatchula maina. Matenda a zaka zimenezo anakolola achinyamata ambiri m'midzimo, ndipo ambiri mwa iwo anali apa, atavala zapaukwati, akusuzumira pamwamba pa mapewa a anzawo.

Trevor anapita pa chithunzi china cha ukwati womwewo, chojambulidwa pakhomo pa mkwatibwi. Akudutsa nacho, Alufeyo anamugwira dzanja.

"Tabwerera. Kumapetoko, kumanzere."

Kumeneko n'kumene makina otsukira zithunzi ankadula, moti pa pepala mbali imeneyo sinatulukepo. Panali mtengo wa mango, ndipo pansi pake panali mayi ataweramira m'mphika wa thobwa, chikho chili m'manja. Anali atacheuka, akuseka ndi wina amene sankaoneka. Trevor anayandikitsa. Nkhopeyo inali yosalala ngati yoonekera m'madzi, koma mpata wa kumano unalipo, duku lobiriwira linalipo, ngakhale kachipsera ka pamwamba pa nsidze.

Anali Yunis. Alufeyo analoza nkhopeyo ndi chala. Esnat anayang'ana bambo ake, anayang'ana galasi, ndipo anadzuka pamkeka pang'onopang'ono n'kugwada patsogolo pa tebulo.

"Ababa, ndi iwowa?"

"Ndi iwowa, mwanawe."

Esnat sanalire. Anaiyang'ana nkhopeyo nthawi yaitali, kenaka anakweza dzanja n'kugwira mano ake akutsogolo, pomwe nayenso anali ndi mpata. Anamasula mwana kumbuyo, anamuimika pamaondo kuti ayang'ane kugalasi. "Mathero, agogo ako awo," anatero monong'ona. Anakhala choncho mpaka laputopu inalira kawiri n'kuzima. Batire linali litatha.

M'mawa mwake Alufeyo anamufunsa Trevor mtengo. Unali wofanana ndendende ndi malata aja. Koma Trevor, ngakhale ankafuna ndalama yobwererera, sanafune kudyera atsibweni ake masuku pamutu.

"Ineyo ndikanakhala inu ndikanadikira. Zinthu izi zili ngati tomato, ukafatsa mtengo umagwa. Chaka chamawa nthawi ngati ino ndidzakubweretserani yoposa iyi, yosunga moto nthawi yaitali, pamtengo wotsika. Iyi ndikagulitsa kwa aphunzitsi ku Namitambo. Za chithunzi cha azakhali musadandaule, ku Limbe akhoza kuchitulutsa papepala, chachikulu, mupachike pakhoma."

A Job, mchimwene wake wa malemu Yunis, atamva nkhaniyi anabwera okha. Anaonetsedwa mlongo wawo, anavula chipewa, anapukuta m'maso. Koma atatuluka panja analoza ku phiri la Chiradzulu, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana.

"Alamu, chinthu chimenechi n'chodabwitsa, sindikukana. Koma mudzafunda chimenechi mvula ikagwa? Magetsi pano palibe. Muzichita kupalasa mpaka ku Namitambo kukatchajitsa, kuti chiyake kanthawi kongophikira tiyi? Folerani kaye nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ngakhale Esnat anati, "Ababa, gulani malata. Ine ndawaona, mtima wanga wakhala pansi."

Onse ankanena zoona, ndipo Alufeyo anavomera. Anagwirizana ndi wangolo kuti Lolemba akatenge malata. Koma masiku amenewo ankangopezeka wakoka sutikesi ija, akukweza manegetivu pazenera limodzilimodzi. Ankaona timithunzi takuda tokhatokha. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ankajambula akwati ndi obatizidwa. Sankadziwa kuti kamera inkatola aliyense amene anaima pafupi, wophika, wodutsa ndi njinga, mwana wokwera mumtengo, n'kuwasunga mwakachetechete kunsi kwa bedi lake.

Nkhani siigona m'mudzi. Lamulungu akuchokera kutchalitchi anapeza pakhonde pake pali a Lameck ndi akazi awo a Ruth, nkhalamba za kutsidya kwa dambo. A Lameck ankayenda ndi ndodo ndipo ankapuma movutikira. Anali atavala jekete ngati akupita ku mlandu.

"A Nampinga, tamva kuti kwanu kuno kukuoneka anthu amene anatisiya. Mwana wathu Joshua ankaimba kwaya ya achinyamata. Munawajambula inu nomwe, chaka chimene anapita kukaimba ku Zomba. Chithunzicho anatenga mtsogoleri wawo, ndipo anasamuka nacho. Ife tilibe kalikonse."

Mwamwayi chithunzi cha kwayacho chinali pa sidi yomwe ija, ndipo Trevor anali atatchajitsa laputopu dzulo lake. Analowa m'nyumba. Pagalasi panaoneka mizere ya anyamata ndi atsikana ovala zoyera, ataima pamasitepe a tchalitchi. Alufeyo sankamukumbukira Joshua. Trevor sankamudziwa n'komwe. A Ruth ndi amene anatambasula dzanja, osazengereza, n'kuloza kamutu kena mumzere wa kumbuyo, kobisika theka ndi phewa la mnzake.

Trevor anayandikitsa. Anali mnyamata wamakutu akuluakulu, kolala imodzi itapindikira m'kati, pakamwa patatseguka ngati akuyamba nyimbo.

A Lameck anaika ndodo pansi. Anakonza jekete lawo.

"Joshua," anatero ndi mawu odekha, ngati akulankhula ndi munthu wobwera kuulendo, "ndi ife, bambo ako ndi mayi ako. Takalamba, usatidabwe."

A Ruth anaseka misozi ili m'masaya. "Taonani kolala. Ndinkamuuza tsiku lililonse."

Batire litatha, a Lameck anathokoza ndi manja awiri. Ali pakhomo anafunsa ngati m'sutikesimo mungakhalenso mwana wawo wamkazi, amene anamwalira pambuyo pa Joshua. Ankakonda maukwati ameneyo, sankaphonya. Trevor anafotokoza kuti laputopuyo ikupita, koma chaka chamawa adzabwera ndi ina yabwino kwambiri.

"Chaka chamawa," anabwereza a Lameck. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kutola ndodo yawo.

Alufeyo anawaperekeza mpaka padambo. Ulendo waufupiwo anaima kangapo kuti a Lameck apezeko mpweya. Pobwerera ankayenda yekha akuganiza za chala cha a Ruth. Laputopu inkatha kukulitsa nkhope, koma siinkadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Odziwa anali anthu ngati awa, ndipo ankatha mmodzimmodzi, dzinja lililonse. Makina a chaka chamawa akanadzaonetsa bwino nkhope zimene palibe akanazitchula dzina.

Atafika anapeza Trevor akulongedza.

"Usapite nayo kwa aphunzitsi. Ndigula ine."

"Atsibweni, malata aja?"

"Udzu sunathe kudambo. Khala pansi undiphunzitse poyatsira."

A Job anadandaula sabata yathunthu, kenaka anabwera ndi mitolo ya udzu pa njinga. Mwamuna wa Esnat anakwera padenga n'kuyala pepala lapulasitiki pansi pa udzuwo. Trevor anabwerera ku Joni atawasiya atsibweni ake akudziwa zinthu zitatu zokha: kuyatsa, kulowetsa sidi ndi kuyandikitsa. Zala za Alufeyo, zozolowera khasu, poyamba zinkathawitsa kamuvi ka pagalasi mpaka kusowa, koma anazolowera.

Albert, mwini sitolo ina ya pa Namitambo imene inali ndi magetsi, anamupatsa kachipinda ka kuseri tsiku la msika. Anthu ankabwera n'kutchula ukwati kapena ubatizo umene m'bale wawo anapitako. Akasonkherana kangachepe, Alufeyo ankafufuza manegetivu ake n'kupita nawo ku Limbe. Ena ankapeza amene ankawafuna. Ena sankawapeza, koma ankapezera anzawo, ndipo uthenga unkatumizidwa ndi akabaza mpaka midzi yakutali. Mwana wamkazi wa a Lameck anapezeka mu Disembala, akuvina pa ukwati wa ku Likoswe, nsapato zili m'manja. Bambo ake anamuona. A Lameckwo anamwalira chimanga chisanache.

Tsiku lina la msika, mvula ikugwa, kunalowa mayi wina wa kwa Likoswe atanyowa, dengu la masamba lili pamutu. Ankafuna mwamuna wake, mmisiri wamatabwa, amene ankati anali nawo pa ubatizo wa kumtsinje. Alufeyo anayenda naye m'chithunzi chonse, nkhope ndi nkhope, gombe lino ndi gombe linalo. Sanapezeke. Akuti atseke, mayiyo anati, "Taimani."

M'ngodya ya pansi munali dzanja lokha, la munthu amene thupi lake linatsala kunja kwa chithunzi. Linali litagwira chogwirira cha njinga. Chala chamkombaphala chinali chodukira pakati.

"Ndi iwowa. Sowo inawadula tili paubwenzi."

Anatula dengu lake, anakhala pabenchi n'kumaliyang'ana dzanjalo. Pakhomo panali ena anayi kapena asanu akudikira, atapanikizana kuthawa mvula, koma palibe amene anamufulumizitsa.