Tabo Ziwiri za a Raymond

Swadick anali ataweramira mu boneti pamene a Raymond anamulozetsa foni kumaso. Galimoto yawo inali yofiira, yaifupi ngati bwato, yobwera nayo kuchokera ku Joni.

"Ndikufuna izithamanga ngati ya pachithunziyi. Undiikire tabo ziwiri zowonjezera mphamvu ya injini."

"Bwana, ikani supachaja," anatero Swadick. "Imeneyo imazungulira ndi lamba wa injini, mukangoponda moto mphamvu pomwepo. Tabo imazungulira ndi utsi, imatentha mpaka kufiira. Imafuna oyilo wosadukiza."

"Ndiye ine oyilo ndingamusowe?"

"Ayi. Koma ndinakuonani Lachisanu mukutsika phiri la Chowe mutazimitsa injini. Tonse timatero posunga petulo. Koma tabo yotentha mukaitero mwaipha."

A Raymond anaseka n'kutembenukira kwa eni galaja, a Jaffalie, amenenso anali amalume ake a Swadick. "Che Jaffalie, umakaniko uyu anaphunzira kuti? Pansi pa mtengo wa mango?"

"Aika zimene mwanenazo," anayankha a Jaffalie osayang'ana mphwawo.

Swadick anagwira ntchitoyo masiku asanu ndi anayi, paipi iliyonse kuyeza kawiri. Pomaliza anamata kapepala pafupi ndi chiwongolero: MUSAZIMITSE INJINI PAMTSETSE. A Raymond anakamatula n'kukulungamo chingamu chawo.

Patatha milungu itatu galimoto ija inabwera ikukokedwa ndi lole ya usipa. Swadick anamasula tabo zonse ziwiri. M'kati munali mouma gwa, oyilo atapserera ngati makala.

"Munazimitsa," anatero Swadick kwa a Raymond.

"Sindinazimitse. Unaika molakwika."

"Munazimitsa, bwana, pa Chowe pomwe paja. Gwirani nokha muone." Sipanala inamupulumuka Swadick n'kukamenya chitseko cha malata.

A Jaffalie anamuitanira kuseri, pa mulu wa matayala. Ananyamula tabo imodzi, n'kuitembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Ndaona, mphwanga. Sunalakwe paliponse."

"Ndiye kawauzeni."

"Malole asanu ndi awiri a bambo ake a Raymond amakonzedwa pano. Wanena kuti akakupezanso muno, onse achoka. Anzako asanu ogwira nawo ntchito muno adzadya chiyani?"

"Ndagwira ntchito pano zaka khumi ndi chimodzi, amalume."

A Jaffalie anaika tabo ija pa matayala n'kubwerera m'galaja.

Swadick anasamba m'manja ndi mchenga, n'kusankha masipanala atatu amene anagula yekha. Ena onse anawabwezera m'bokosi, iliyonse pamalo pake. Atafika pageti anaima, kenako anabwerera pamene panali a Raymond.

"Akakuikirani tabo zina, mukaima muzidikira mphindi ziwiri musanazimitse."

A Raymond anali pafoni, sanacheuke. Swadick anatuluka n'kulowera njira ya kumsika wapansi, masipanala akulira m'thumba.