Nkhanga ya pa Chishango

Thumba lachitatu linali litatsala pang'ono kudzadza pamene belu la pakhomo linalira. Anastazia anali atagwira kukamwa kwa thumbalo, mlamu wake Bertha akukokoleramo tizidole ta pa shelefu ndi dzanja limodzi, ngati akusesa nyenyeswa patebulo. Tinali tiasilikali ta ku Ulaya wakale, tovala zitsulo thupi lonse, tina tili pa akavalo, kalikonse kosaposa chala chachikulu. Douglas, mwamuna wa Anastazia, anatha zaka khumi ndi zinayi akutipenta m'chipinda chapansi cha nyumba yawo ku Scarborough, ku Canada. Tsopano panali patadutsa masiku asanu ndi anayi chimuikireni m'manda.

Bertha, mlongo wa malemuyo, anachita kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito imene sakanasiyira munthu wina: kugawa katundu wa achimwene ake monga mwa mwambo. Anaigwira mosanyengerera. Masuti anapita kwa amalume awiri a kwa Ganya, nsapato kwa mphwake wa malemu, majekete a m'chisanu kwa abambo a mpingo a ku Toronto konkuno. Ngakhale masipanala a ku galaja ya mabasi kumene Douglas ankagwira ntchito anapeza mwini. Zidole zokha ndizo zinasowa wozilandira. Bertha anagamula kuti chinthu chosavalika, chosalimira komanso chosaphikira n'chotaya, ndiponso tianthu ta maso totere m'nyumba ya mayi wa Mvano, anthu akamva adzati chiyani? Galimoto ya zinyalala inali kudzabwera m'mawa mwake.

Anastazia sanatsutse. Kunena zoona, tizidoleto ankadana nato. Zaka zonsezo akaweruka ku ntchito yake yosamalira okalamba, miyendo itatupa, ankapeza mwamuna ali pansipo. Loweruka mwamunayo ankanyamula bokosi lake ulendo wa ku Markham, kukasewera nkhondo za zidole, akugubuduza madayisi ndi amuna anzake a imvi pa tebulo lodzaza timitengo ndi timalinga. Sankakangana, pakuti Douglas mkangano sankautha. Koma Anastazia mlandu anali atauweruza kalekale mumtima: mwamunayu ankamuthawa. Ankatsikira pansi chifukwa pamwamba panali iyeyo. Kufunsa sanafunse, ndipo akatsika kukachapa ankachita kuyang'ana kumbali dala. Tsopano womufunsa panalibe, ndipo chimene chinkamudya kuposa malirowo chinali chakuti mwina zaka makumi atatu za ukwati wake anazikhala ndi munthu wongopirira.

Pakhomo anapeza mzungu wamtali wa ndevu zoyera, amene anamuona ataima kumbuyo kwenikweni tsiku la maliro. Anati dzina lake ndi Darius, mnzake wa Douglas wa kumasewera kuja. Atapepesa, anapereka kabokosi: okwera pa akavalo asanu ndi atatu amene Douglas anaiwala m'galimoto mwake Loweruka lomaliza. Anastazia anangotsala pang'ono kuseka. Iye kutaya, wina kubweretsa. Anamuuza kuti atsike nawo yekha akawaike pamene pali anzawo, iye n'kumutsatira pambuyo.

Darius ataona matumba akudawo anaima pa sitepe yomaliza. Anangowerama n'kutola kamsilikali kamodzi kamene kanagwera pansi, mkondo wake utathyoka.

"Akuti bwanji alendowa?" anafunsa Bertha. "Ngati akuzifuna atenge zonse, alamu. Atichotsere ntchito."

Anastazia anamasulira. Darius anapukusa mutu, n'kunena kuti sangatenge gulu lankhondo la mwini wake mwiniwakeyo ali pompo. Anastazia anaganiza kuti Chingerezi chamuphonya, ndipo anamupempha abwereze.

Mwamunayo anakokera pafupi nyale ya Douglas, ya galasi lokuza zinthu, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, Anastazia akupatsira mlamu wake mawu ndi mawu. Kale ku Ulaya, anati, banja lililonse la ankhondo linali ndi chizindikiro chake pa chishango. Mwamuna akakwatira, chishango ankachigawa pakati: mbali imodzi ya kwawo kwa mwamuna, inayo ya mkazi. Anzawo ambiri a ku Markham amangomata timapepala togula kale, koma Douglas ankakana. Chishango chilichonse, chochepa ngati chikhadabo, ankachijambula yekha ndi burashi ya titsitsi towerengeka, ndipo lamulo logawa pakati lija sanaliphwanyepo.

Bertha, amene anati sangayang'ane, ndiye anayamba kusuzumira pa galasi, kuona chishango cha kamsilikali kothyoka mkondo kaja. Mbali imodzi panali ng'ombe yakuda ya banga loyera pamphumi. Anati imeneyo ndi Bantomu, ng'ombe ya agogo awo, imene Douglas ankaiweta ali mwana mpaka inamuponda phazi. Atasuntha diso kupita mbali inayo, anagwira pakamwa.

"Alamu, bwerani. Chitenje chija."

"Chiti?"

"Cha pa chinkhoswe chanu. Ndinakakugulirani ndine pa Lizulu, mwaiwala?"

Anastazia anawerama. Pa chikasu chowala panaima nkhanga ya buluu, ya madontho oyera, khosi italitembenuzira kumbuyo. Chitenjecho chinatha ndi kuberekera mwana woyamba, ndipo anachitaya asanaganize n'komwe za Canada. Chithunzi chake panalibe, chifukwa wojambula wa tsikulo anafika mwambo utatha, ataledzera. Iye mwini anali atachiiwala. Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kena, kenanso, kenanso. Paliponse Bantomu mbali iyi, nkhanga mbali inayo. Darius anati onse pamodzi analipo zana limodzi ndi makumi anayi.

Choyamba kumufikira sichinali chisoni ayi, unali mkwiyo.

"Ndiye osandiuza bwanji? Zaka zonsezi ine ndili pamwambapa ngati chitsiru, munthu ali mu besimenti kujambula chitenje changa?"

"Inu munatsikako?" anatero Bertha, mosakweza mawu.

Bertha anapitiriza kuti achimwene ake anali wotero chibadwire: amakukonzera ndowa yodontha n'kuibwezera pamalo pake, iwe n'kumaganiza kuti yasiya yokha. Darius, amene sanamve Chichewacho koma anaona misozi, anawonjezera zake. Ku Markham, anati, palibe amene ankalitchula gululo ndi dzina la Douglas. Onse ankati asilikali a Anastazia. Douglas akamawayendetsa pa tebulo ankalengeza kuti akubwera a kwawo kwa mkazi wanga, konzekani. Anastazia anafunsa ngati ankapambana. Darius anakanda ndevu zake n'kuvomera kuti nthawi zambiri ankagonja, chifukwa ankawamvera chisoni asilikali akewo, osafuna kuwaponya kutsogolo. Apa Anastazia anaseka, kuseka kwake koyamba chichitikireni maliro, mphuno ikutuluka mamina.

Matumba atatu aja anawakhuthula ndi manja, kamodzikamodzi, pa bulangete. Bertha ndiye ankadandaula kwambiri, ati bwanji panalibe womuuza, ngati kuti si iye amene amakokolola. Asilikali ena anali atathyoka mikondo, awiri ataduka mitu, koma Darius anati zonsezo guluu amatha, ndipo anzake akhoza kubwera Loweruka kudzathandiza ngati mayi alola. Anastazia anati abwere, koma adye kaye asanagwire kanthu. Pamenepo Bertha anawongola msana n'kumaliza ntchito imene anabwerera. Anati katundu uyu mwini wake wapezeka, ndi mkazi wa malemu, ndipo wa kuchimuna aliyense wofuna kutsutsa adzaonane ndi iyeyo. Anangopempha kamodzi koti akawaonetse amalume Bantomu.

Akubwezera mabotolo a penti m'malo mwake, Anastazia anatsegula dirowa ya tebulo. M'menemo munali kamsilikali kena, komatidwa pa chitsekerero cha botolo kuti kagwirike bwino popenta. Zitsulo zake zinali zitapentedwa kale, kavalonso atapentedwa. Pa chishango nkhanga inali itaima yathunthu, madontho onse alipo. Mbali inayo inali yotuwa, yopanda kanthu.

Darius sanadabwe. Anati Douglas nthawi zonse ankayambira mbali ya mkazi wake, maso asanatope ndiponso nsonga ya burashi ikadali yakuthwa. Yake ankaisiyira kumapeto, ati ng'ombe siidandaula.

Anastazia anakasunga m'dzanja kanthawi ndithu. Kenako anakoka mpando wa mwamuna wake, umene anali asanaukhalepo, n'kukhala. Darius anamusankhira burashi, namuonetsa mmene amasungunulira penti ndi kadontho ka madzi, ndi mmene amatsamiritsira zigongono pa tebulo kuti dzanja lisanjenjemere.

"Alamu," anatero, diso lili pa galasi, "khalani apa pafupi. Mundiuze bwinobwino, Bantomuyo nyanga zake zinkaloza kuti?"