Chisena cha Idah

Idah anapita ku ntchito ndi katoni yolongedzamo katundu wake, chifukwa kunali mphekesera yoti eni kampani ya inshuwalansi, amene ali kunja, atseka nthambi ya ku Blantyre.

Abwana, a Laban, anawerenga lipoti la chaka ali chiimire. Anati phindu lakwera, ndipo eniwo akufuna kuyambitsa inshuwalansi ya alimi ku Nsanje.

"Koma pakufunika wodziwa Chisena. Alipo?"

Kwa zaka ziwiri, Idah ankakayankhira panja foni ya amayi ake kuti anzake asamve chilankhulo cha kwawocho. Anakankhira katoni ija pansi pa tebulo ndi phazi, nakweza dzanja.

"A Idah? Si paja mumati kwanu ndi ku Chitawira?"

"Kumeneko timangogonako, bwana."