Udzu wa Pageti

Anthu ankamutchula Wobwera, ngakhale kuti ana ake onse anabadwira m'dera lomwelo, ndipo woyamba anali atayamba kale kumera ndevu. Dzinalo silikanamupweteka likanakhala lake yekha. Chowawa chinali chakuti ankagawana dzinalo ndi udzu.

Udzuwo unkamera pakati pa tirigu, wofanana naye ngati mapasa mpaka ngala zitatuluka. Apo m'pamene unkaonetsa khalidwe lake. Unkatalika kuposa tirigu, n'kumuphimba, n'kumulanda chakudya. Unayamba kuoneka chaka chimene iye anakwatiwa, atafika ndi thumba la mbewu ya tirigu limene bambo ake anam'patsa. Anthu anangoyang'ana thumbalo, n'kuyang'ana udzuwo, mlandu n'kutha. Kuyambira pamenepo unali udzu wa Wobwera. Ngakhale ana ake, akaiwala, ankautchula choncho pamaso pake.

Gulu la alimi a m'deralo linali ndi makina amodzi okha okololera, chimakina chachikulu chimene chinkayenda munda ndi munda. Atcheya a gululo anali alamu ake, akulu awo a mwamuna wake. Iwo ndi amene anakhazikitsa lamulo lakuti munda wa Wobwera uzikololedwa pomalizira, kuopa kuti makina angatole njere za udzu kumeneko n'kukamwaza kwa ena. Makina ankayambira kwa atcheya.

Kukhala womaliza kunali ndi mtengo wake. Pofika tsiku lake tirigu amakhala atapsa mopitirira, ngala zikuthothoka zokha, mbalame zitanenepa, ndipo zaka zina mvula inkam'peza akadali m'munda. Wobwera ankameza zonsezi, koma sizinkatsika.

Chaka chimenecho, tirigu akadali wobiriwira, kunabwera mayi wina wofufuza kuchokera ku sukulu ya zaulimi. Anayenda m'minda yonse atavala nsapato za jombo, akudula timasamba ta udzuwo n'kumaika m'timaenvulopu. Anati akukayeza DNA, kuti adziwe mtundu wa udzuwo ndi kumene unachokera.

"Mwati DNA?" anatero dalaiva wa makina, munthu wosasunga mawu m'kamwa. "Udzunso bambo wake akuukana?"

Anthu anaseka. Wobwera sanaseke. Anatsegulira mayiyo geti, namuonetsa munda wonse kuyambira pakhomo mpaka kumalire.

Zotsatira zinabwera kukolola kuli pafupi. Msonkhano unachitikira m'shedi ya gulu, m'mene munkanunkha dizilo ndi matumba akale. Anthu anakhala pamatabwa osanjikidwa pamigolo. Kumbuyo kwawo makina anali ataima, kukamwa kwake kuli pansi ngati ng'ombe yotopa. Mayi wofufuza anapachika mapu a minda yonse pachitseko. Munda uliwonse unali ndi timadontho, tina tofiira, tina tabuluu, tina tachikasu.

"Inu mumati udzuwu ndi umodzi," anayamba motero. "Pamaso ndi umodzidi. Koma m'kati mwake muli mafuko osiyana, ndipo sanafike kuno ndi njira imodzi."

"Ndiye kuti uli ndi amalume ake?" anafunsa dalaiva.

"Uli nawo, ndi azakhali omwe. Mungu wake umauluka ndi mphepo, ndiye mafukowa amakwatirananso osapempha munthu."

Kenako analoza timadontho tofiira. Anati limenelo ndilo fuko loopsa, losamva mankhwala, limene ukalipopera limangofota masiku ochepa n'kudzukanso. Linali litadzaza m'minda yambiri, makamaka imene makina amayambira. Aliyense ankadziwa munda wofiira kwambiri pamapupo kuti ndi wa ndani, koma maso onse anapita padenga.

Wobwera anafunafuna munda wake, naupeza pakona. Unali wabuluu pafupifupi wonse. Koma pageti panali kamzere kofiira, kolowa m'munda ngati mapazi a munthu wamatope.

Anaimirira.

"Pepani mayi, wabuluuwo ndi wotani?"

"Umenewo umafa mukaupopera. Ndi wovuta, koma umamva."

"Nanga wofiira uli pageti pangapo wachokera kuti?"

"Ukutsata njira imene makina amalowera. Sukuchoka kwa inu. Ukubwera kwa inu."

"Bwerezani, chonde. Ena muno makutu awo amadwala."

"Khalani pansi, mlamu," anatero atcheya. "Uno ndi msonkhano, si msika."

"Ndakhala pansi zaka zonsezi, alamu. Matako atopa." Anatembenukiranso kwa mayi uja. "Nenani pagulu pano. Udzu ndinabweretsa ndine?"

Mayiyo anazengereza, akupinda kapepala m'manja. "Wofiirawo ayi. Wabuluuwo, mwina unabwera ndi mbewu yanu, mwina unalipo kale. Sindinganame kuti ndikudziwa."

Atcheya anaomba m'manja kamodzi, ngati munthu wapha udzudzu. "Mwamva nokha. Mwina! Ophunzira atiuza kuti mwina. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma wathuyu anadza ndi udzu, ndipo sukulu yalephera kumutsuka."

"Sindinatero, bambo," anatero mayi wofufuza. "Ndati wofiirawo..."

"Zikomo mayi, mwagwira ntchito. Madontho anu ndi okongola." Atcheya anayang'ana gulu. "Tirigu wapsa, abale. Tiyambe lero kusintha ndondomeko chifukwa cha utoto? Amene akuti tiyende monga mwa nthawi zonse, dzanja m'mwamba."

Manja anakwera. Palibe amene ankafuna kubwerera m'mbuyo pamzere, ndipo Wobwera akanakwera, wina akanatsika. Iye sanawerenge manjawo. Ankayang'ana dzanja limodzi lokha, la mwamuna wake. Linanyamuka pabondo, n'kufika paphewa, n'kukhota kukakanda kumbuyo kwa khosi. Linakanda mpaka kuvota kunatha.

Kunyumba Wobwera anatsuka mbale zimene zinali zoyera kale. Mwamuna wake anaima pakhomo la khitchini, chipewa chili m'manja.

"Khosi lapola?" anafunsa osatembenuka.

"Mayi a ana, inu simukumvetsa. Aja ndi achimwene anga."

"Ine ndine ndani wanu? Thumba la mbewu?"

"Sindinakweze dzanja."

"Simunalitsitsenso. Munalipachika pakati ngati malaya onyowa." Anaponya supuni m'beseni, madzi n'kuthovokera pakhoma. "Ana anu amatchula udzu dzina la mayi awo, inu muli pomwepo mukutafuna. Lero munthu wabwera ndi umboni, waupachika pachitseko, inu n'kumva kuyabwa."

Mwamunayo anangotembenuza chipewa m'manja. Anali munthu wotero, wabwino pantchito, wolimba msana, koma mkulu wake akalankhula ankabwerera kukhala kamwana kovala kabudula.

Kukolola kunayamba. Tsiku ndi tsiku Wobwera ankamva kulira kwa makina kukuyandikira, ndipo ankaona fumbi lake likusuntha munda ndi munda, kudutsa m'malo onse ofiira aja. Madzulo ankapita pageti n'kumazula udzu wa pamenepo ndi manja, akuutukwana. Tirigu wake anali atawerama. Akagwedeza ngala, njere zinkagwera m'dzanja.

Tsiku lake linafika ndi mitambo. M'mawa kunali kotentha mopanda mphepo, ndipo kumadzulo kwa thambo kunali kutada ngati pansi pa poto. Makina anafika akugwedeza nthaka, atcheya akutsatira panjinga yamoto. Anapeza geti lomangidwa ndi tcheni, Wobwera ataima kutsogolo kwake. Pamsewu anali atayala chipepala chachikulu cha pulasitiki, ndipo pambali pake panali tsache, maburashi, mawaya ndi beseni.

Dalaiva anazimitsa injini, nasuzumira pansi. "Mayi, mwatsegula golosale?"

"Imitsani chinthu chanucho papepalapo. Sichilowa m'munda mwanga chisanasanze."

"Chisanatani?"

"Mutsegule zitseko zonse, masefa atuluke, tichotse njere ina iliyonse. Kenako mulowe."

Dalaiva anavula chipewa, nayang'ana kumwamba. "Ntchito imeneyo ndi ya mpaka masana. Mukuiona mitamboyo? Sikubwera kudzacheza."

Atcheya anatsika panjinga. "Mlamu, misala iyi yayamba liti? Makina a gulu saima pamsewu chifukwa cha mkwiyo wa munthu mmodzi. Alowe pano, apo ayi abwerere kushedi, tirigu wanuyo mudye ndi mbalame."

"Akabwerera, mukauze gulu kuti munathawa tsache."

"Tamverani kamwa! Munatipatsa udzu, lero mukutinena ife auve?"

"Ndakupatsani chiyani ine? Mwandiika kumchira zaka zonsezi kuti ndisakudetsereni minda, chikhalirecho mukunditumizira makina odzaza ndi zinyalala zanu. Ndakhala dzala lanu, alamu! Dzala lolipira umembala!" Mawu ake anasweka, koma sanasiye. "Wabuluu ndimutha ndekha, kaya ndi wa bambo anga kaya ndi wa satana. Koma wofiira wanuyo akakhazikika muno, munda uno watha. Ana anga adzakolola chiyani? Utcheya wanu?"

Atcheya anatembenukira kwa mng'ono wawo, amene anali ataima pafupi ndi mpanda, manja ali m'matumba. "Iwe, tsegula geti. Munda uwu unali wa bambo athu. Usandichititse manyazi pamsewu."

Mwamunayo anayang'ana tirigu, nayang'ana mitambo. Wobwera ankadziwa zimene ankawerengera, chifukwa nayenso anali ataziwerengera: akatsegula tsopano, tirigu yense alowa m'matumba mvula isanagwe. Anamuona akuyenda kulunjika pageti. Kiyi anali naye Wobwera, koma tcheni n'chiyani kwa mwamuna wokhala ndi hamala?

Mwamunayo anapitirira geti osalikhudza. Anawerama, natola burashi ndi waya.

"Adalaiva, bweretsani papepalapa," anatero motsitsa.

"Wati chiyani?" anakuwa atcheya.

"Achimwene, madontho aja ndinawaona nanenso." Sanawayang'ane kumaso. "Mukhoza kukhala pamthunzipo."

Atcheya anamutchula mayina angapo, lina la nyama, lina la chovala cha akazi. Kenako anakwera njinga yawo n'kuchoka, fumbi lili kumbuyo. Sananene kuti makina abwerere. Dalaiva anadikira mpaka njingayo itazimiririka, nakweza mapewa.

"Ine sindinamve kalikonse. Injini imagonthetsa."

Anatsegula zitseko za m'mbali. Anasolola masefa. Mwamuna wa Wobwera anakwawira pansi pa makina chagada, n'kumatokosa m'makona ndi waya, mankhusu akumugwera m'maso. Wobwera anakwera pamwamba ndi tsache, nalowa m'thanki ya tirigu m'mene munkatentha ngati uvuni. Njere za udzu zinali paliponse: m'mipata ya malamba, kuseri kwa mabawuti, m'mano a kukamwa kwa makina, zina zitaumbika ndi girisi. Zinkagwera papepala ngati mchenga. Beseni linadzaza, iwo n'kukhuthulira m'thumba, n'kudzazanso.

"Zonsezi ndimayenda nazo ine?" anatero dalaiva, akupukuta thukuta. "Ndiye ndine mkamwini wa dera lonse."

Wobwera sanaseke. Njere iliyonse imene ankasesa inkamuwonjezera ukali, chifukwa ankaganiza za zaka zimene palibe anasesa.

Anamaliza dzuwa litapendeka, mphepo itayamba kuzizira. Wobwera anamasula tcheni, makina n'kulowa. Dalaiva anayendetsa ngati akuthamangitsidwa, mzere ndi mzere, osaima ngakhale kumwa madzi. Mwamuna ndi mkazi ankathamanga ndi matumba, kumanga, kukweza pangolo, kufunditsa.

Dontho loyamba linagwa makina atadutsa pang'ono pakati pa munda. Dalaiva anakakamira mizere ina iwiri, mpaka tirigu wonyowa anayamba kutsamwitsa makina. Anazimitsa. Kenako mvula inakhuthuka ndi mphepo yake, ndipo Wobwera anaima pansi pa ngolo akuonerera chigawo chotsalacho chikugona pansi, ngala zikumira m'matope.

Mwamuna wake anabwera kudzaima pambali pake, madzi akuyenderera m'chipewa, nkhope yonse girisi.

"Wapita ameneyo," anatero. "Tikanatsegula m'mawa..."

"Ndikudziwa," anatero Wobwera. "Musandiwerengere, ndili ndi maso."

Ukali wake sunali utachoka, koma tsopano unali ndi pokhala. Anatuluka pansi pa ngolo n'kuyamba kuyenda m'mvulamo kulunjika kumsewu.

"Mukupita kuti, mayi a ana?"

"Thumba la njere lija talisiya kunja kwa geti. Likang'ambika, madzi awa alowetsa zonse m'munda. Bwerani mudzandisenzetse."

Mwamunayo anam'tsatira akuthamanga.