Mwamuna wa mu Wailesi

Vinsenti ankachitira nsanje munthu yemwe sanabadwe n'komwe. Zikumveka ngati zabodza, koma aliyense wa ku Kaphuka akhoza kuikira umboni.

Munthuyo anali Kingsley, mwamuna wa mu sewero la pa wailesi ya m'deralo, lomwe linkaulutsidwa Lamlungu lililonse masana anthu atabwera kutchalitchi. Mu sewerolo Kingsley anali telala wosauka, koma akamulakwira mkazi wake ankatenga gitala n'kumuimbira nyimbo yopepesa. Sewero likatha, muulutsi ankawerenga maganizo amene omvera atumiza pa foni, ndipo olemba sewerolo ankatsata zimene ambiri anena.

Falesi, mkazi wa Vinsenti, sankaphonya. Ankaika wailesi pakhonde, lichero la nyemba pamiyendo, ndipo gitala ikangolira, manja ankasiya kusankha nyemba. Vinsenti ankakhala chapatali akunola khasu lomwe linali lakuthwa kale, khutu lili komweko.

"Koma mwamuna uyu amadziwa kulankhula," Falesi ankatero.

"Kulankhula kumadyedwa, amake Pilira? Munamumvapo akupalira munthu ameneyu? Sewero lonse amangokhala pa gitala. Mawu akenso ngati mbuzi yoiwalidwa pamvula."

"Inu mumamvera mawu, ine ndimamvera zimene akunena."

"Akunena chiyani? Pepani, pepani basi. Mwamuna wanji wopepesa sabata iliyonse?"

Ankatsutsana choncho mpaka kamphepo ka madzulo kawalowetse m'nyumba. Kunena zoona, sabata yonse panalibenso nthawi ina imene awiriwo ankachezera motalika chonchi. Masiku ena onse nkhani zinali za feteleza ndi mankhwala opopera mbatatesi. Koma Vinsenti sankaziona zimenezo. Ankangoona nkhope ya mkazi wake ikuwala chifukwa cha mwamuna wina, ndipo mtima unkamuwawa koopsa.

Tsiku lina akukumba mbatatesi anamva Falesi akuimba chapansipansi nyimbo ya Kingsley, m'munda womwe iye ankakhetsera thukuta. Anangopitiriza kukumba. Lamlungu lotsatira muulutsi anawerenga uthenga: "Mayi Falesi a ku Kaphuka akuti Kingsley ndiye mwamuna, amuna ena aphunzirepo." Dera lonse linamva. Atapita ku Chimbiya kukagulitsa mbatatesi, anzake anamulandira ndi mano panja.

"Akulu, mwafika! Nanga a Kingsley adzuka bwanji kunyumba?"

Vinsenti anaseka nawo, koma m'kati anali atapsa.

Mwayi wake sunachedwe. Mu sewero muja Kingsley anapezeredwa ntchito ku Joni, ndipo muulutsi anafunsa omvera kuti anene okha: apite kapena akhale? Vinsenti anatumiza uthenga wake tsiku lomwelo. Mawa lake anapalasa njinga mpaka ku Chimbiya popanda thumba ngakhale limodzi, n'kuyamba kubwereka mafoni. Anabwereka ya mayi wogulitsa tomato, ya wowotcha chimanga, ya oitanira minibasi, ngakhale ya mkulu wina amene sanalimvepo sewerolo chibadwire. Vinsenti, yemwe ankati kulemba pa foni kumamupweteka maso, analemba tsiku lathunthu, uthenga wake umodzimodzi: apite, asabwerenso.

Lamlungu limenelo sananole khasu. Anakhala pakhonde penipeni, pafupi ndi wailesi, atavala malaya a kutchalitchi. Kingsley anaimba nyimbo yake yomaliza pa depoti, n'kusiya gitala m'manja mwa mkazi wake, basi n'kunyamuka. Vinsenti anapinda miyendo, mtima uli mbee.

Kenako muulutsi anati sabata imeneyo mauthenga ambiri anachokera ku Chimbiya, ndipo awerenga umene unayamba kufika. "Bambo Vinsenti a ku Kaphuka akuti: apite ameneyo, gitala yake yatisokosa, akazi athu anasiya kutiyang'ana."

Falesi anatambasula dzanja n'kutseka wailesi. Vinsenti anakonzekera mkangano, mayankho ali kale pakamwa, koma mkaziyo anangopitiriza kusankha nyemba.

"Simunenapo kanthu, amake Pilira? Lero maganizo atha?"

"Ndinene chiyani, bambo a Pilira? Mwapambana."

"Ndi sewero chabe. Munthu wake kulibe."

"Ndikudziwa kuti kulibe. Ine si mwana." Anachotsa kamwala mu nyemba n'kukaponya pabwalo. "Mukukumbuka chaka chija tinkaimba kwaya ku Bembeke? Munkandiperekeza mukukankha njinga, mukuimba nyimbo yomwe munapeka nokha, yotchula dzina langa. Mawu anunso anali ngati a mbuzi, koma ndinakulolani. Kingsley akamaimba ndinkatsinzina n'kumamva inuyo."

Falesi anagwedeza lichero lija, n'kupitiriza.

"Inu munasiya kuimba kalekale, Pilira asanayambe n'kuyenda komwe. Ndinati bola wa mu wailesiyu azindikumbutsa. Ndiponso Lamlungu ndi tsiku lokhalo limene munkandifunsa zimene ndikuganiza, ngakhale munkafunsa kuti munditsutse. Tsopano nayenso mwamuthamangitsa."

Sananene mokweza, sanalirenso. Ananyamula lichero lake n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kukapeta.

Vinsenti anatsala yekha ndi wailesi yotseka. Nsanje inali isanamuchokere, kungoti tsopano ankaichitira mnyamata wokankha njinga uja, yemwe Falesi ankamukondabe mpaka lero. Anadziuza kuti nkhaniyi ndi yosavuta. Nyimboyo anapeka ndi iye mwini, aimba pomwepo, mokweza, mkaziyo amve ali kuseriko.

Anakhosomola, n'kuyamba kuifunafuna m'mutu. Anakumbukira msewu wa ku Bembeke, fumbi lake, nsalu yobiriwira imene Falesi ankavala. Anakumbukira ngakhale belu la njinga lomwe silinkalira. Koma nyimbo ija ayi, ngakhale mzere woyamba.

Kuseri kuja kupeta kunali kutasiya. Falesi anamva kukhosomola kuja ndipo ankadikira. Vinsenti anatsinzina, n'kutsegula pakamwa kuti chilichonse chimene chilipo chituluke. Nyimbo imene inatuluka, yonse yathunthu osaphonya liwu, inali ya Kingsley.