Tsiku Limene Nkhuku Zinalowa M'khola Masana

Tenson Sakala ankamwa tiyi choimirira, chala chili pa foni, khutu lili kumsewu kuopa kuti minibasi ya ku Lusaka ingamusiye. M'mawa uliwonse ankatumiza funso la mbiri yakale pa gulu la WhatsApp la anthu a ku Silverest. Palibe amene anamutuma. Anali kalaliki wamba mu ofesi ya boma, koma madeti ankawasunga m'mutu, ndipo ankafunitsitsa kuti anthu azidziwa zimenezo. Pagulupo ankangomutcha ba Kalendala.

Tsikulo linali 21 Juni, choncho funso linali lakuti: kadamsana anadetsa dziko masana pa deti ngati la lero chaka chanji? Yankho anali nalo kale, 2001.

Amayi ake, a Dailes, anali pakhonde akuwothera kadzuwa. Anabwera kuchokera ku Palabana kudzakonzekera mwambo wovundukula mwala wa pamanda a amuna awo, umene unali Loweruka la sabata yamawa. Tenson, pofuna kuwaseka, anawawerengera funsolo.

"Manambala ine siniyadziwa," anatero mayiwo. "Koma tsikulo nili nalo. Nkhuku zinalowa m'khola masana. Atate ako anati niwatulutse panja na mpando, naonso aoneko. Patapita chabe masiku atatu, anatisiya."

Tenson anaika kapu ya tiyi pansi. Iye anali atapereka kale kwa wosema miyala deti la imfa ya bambo ake, 24 Juni 2000. Mlongo wake Ednah anamuuza kuti ayambe wafufuza chipepala cha kuchipatala, poti kachitsulo ka pamanda kanadyeka ndi dzimbiri kalekale, koma iye anangoseka, n'kumufunsa ngati waiwala amene akulankhula naye.

"Sinali 2000, amama?"

"Ine nakamba za dzuwa. Zaka ndiwe uwerenga."

Tenson anatuluka osatseka ndi geti lomwe. Anaimbira a Chomba, wosema miyala uja, koma foni inangoitana mpaka kuduka. Anaimbanso kanayi. Minibasi imene anakwera inali ndi anthu asanu okha, ndipo kondakitala analibe changu ndi aliyense, ankaimitsa galimoto ngakhale kwa munthu amene wangokweza dzanja kuti akande m'mutu. M'thumba foni inkanjenjemera ndi mayankho a pagulu, ena akuti 1999, ena 2002, wina akufunsa ngati ba Kalendala agonereza. Za ku ofesi anaziiwaliratu.

Mumtima ankadziwa kumene 2000 inachokera, ndipo zinkamuwawa. Chimenecho chinali chaka chimene iye anachoka pakhomo. Bambo ake ankafuna kuti atsale aziyang'anira ng'ombe za mkaka, iye anakana, anayankhana mawu oipa pafupi ndi khola, n'kukwera basi ya ku Kitwe osatsanzika. Sanalembe kalata ngakhale imodzi. Uthenga wa maliro unamupeza manda atauma kale. Kuyambira pamenepo, m'mutu mwake tsiku lochoka ndi tsiku la imfa zinangogwirana kukhala chaka chimodzi. Munthu wodziwa madeti a nkhondo za kutsidya la nyanja anali atawadula bambo ake chaka chathunthu cha moyo, chaka chimene anadwala iye kulibe.

Anawapeza a Chomba pamalo awo m'mbali mwa msewu waukulu, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi, makina akulira. Mwala unali utatsamira khoma, wakuda, wopsetedwa bwino, zilembo zake zitapakidwa kale utoto wagolide. Tenson atafotokoza, a Chomba sanakangane naye. Anangotulutsa kapepala m'thumba la ovolosi n'kumuonetsa. Zolembazo zinali za dzanja la Tenson yemwe.

A Chomba anamuuza kuti njira zilipo ziwiri. Akhoza kupala ziro womalizayo n'kusemapo wani, koma pamalopo padzatsala kachigodi, kadzenje koonekera kwa aliyense woima pafupi. Mwala wina sukanatheka sabata imodzi.

"Olo tisiye chabe so, ba boss," anatero a Chomba motsitsa mawu. "Ku manda bantu sabelenga madeti. Bayangana maluba na vakudya."

Tenson anayang'ana mwalawo. Zinali zoona. Amayi ake manambala sawerenga, Ednah anali wamng'ono nthawi imeneyo, ndipo achibale ochokera ku Katete akanangokhulupirira, poti walemba ndi Tenson. Koma kachigodi aliyense akanakafunsa, n'kumva kuti ba Kalendala sadziwa chaka chimene bambo awo anamwalira. Anachita manyazi, ndipo anachitanso manyazi ena poona kuti akuganizirabe.

"Palani," anatero. "Lembani 2001."

Sanachoke mpaka ziro uja atafufutika. Kenako anawoloka msewu n'kukwera minibasi yobwerera ku Silverest, dzuwa lili pamutu. Pagulu anangolemba yankho lokha, popanda ndemanga zake zazitali zija.

Amayi ake anali adakali pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Anadabwa kumuona nthawi imeneyo. Tenson anakhala pansi pa simenti ndi buluku lake la ku ofesi, n'kuwauza zonse, za mwala ndi za kachigodi. Mayiwo anangopitiriza kusankha nyemba. Ndiye Tenson anafunsa funso limene kwa zaka zoposa makumi awiri ankaliopa.

"Tsiku la dzuwa lija, atate anakambako za ine?"

Mayiwo anataya kamwala kamene anakapeza m'nyembamo.

"Kutada, anakhala zii. Ndiye ananifunsa ngati ku Kitwe nako kwada."

Tenson anaweramitsa mutu. Ku Kitwe kunadadi pang'ono tsiku limenelo, ndipo iye anali panja ndi anzake, akuseka.