Dzanja la Kamvuluvulu

Amake Kamvuluvulu sankagula chinthu chili m'thumba. Msika wonse unkadziwa zimenezo. Ubwere ndi kabichi, akusendera masamba mpaka kumtima. Ubwere ndi mbatata, akukhuthulira thumba lonse pansi iwe uli chiimire. Koma tsiku limeneli anasiya benchi yawo n'kupita kukanenerera chinthu chimene anali asanachione.

Nkhaniyo anabwera nayo ndi mpongozi wawo, mkazi wa malemu mwana wawo.

"Amayi, kuholo apachika zithunzi zakale za dera lino. Ati pali cha tsiku lotsegulira mlatho. Inu mulipo. Bambo a anawa aliponso, ali kamwana."

Mwana wawoyo anapita ndi madzi. Chaka chimene phiri linagumuka, mtsinje unanyamula mlatho, chigayo, nyumba za kumunsi, ndi iyeyo ali mushedi yake akupala matabwa. Mtembo sunapezeke. Zithunzi za m'nyumba zinapita limodzi ndi khoma lake. Mayiwo anabwerera pamsika anthu asanamalize n'kuwapepesa komwe, ndipo panali chinthu chimodzi chimene sanauze munthu: nkhope ya mwanayo inali itawathawa. Akatsinzina ankaona msana, makutu, kayendedwe. Pakati pa makutuwo panalibe kanthu.

Muholo munkanunkha polishi. Mipando anali ataiunjika kukhoma, zithunzi zitandandalikidwa pamatabwa. Amuna akukoka zipika m'madzi, sitolo yoyamba ili ndi denga la udzu, basi itatitimira pamadooko, akazi akuchapa pathanthwe limene pano kulibe. Mayiwo anangodutsa ngati akudutsa mabenchi a eni. Pathebulo panakhala mzimayi wa magalasi, mwana wa wojambula zithunzizo.

"Zimenezi mwini wake ndani?"

"Anajambula ndi malemu bambo anga. Takulandirani, mayi. Yambirani uku, muzitsata mtsinje kuchokera kuphiri."

"Mtsinje ndikuudziwa. Ndikufuna cha mlatho."

"Chili uko kumapeto."

"Sindinati ndichione. Ndati ndikuchifuna. Muli mwana wanga mmenemo."

Wamagalasiyo anavula magalasi n'kuwapukuta. "Pepani, sitigulitsa. Imeneyi ndi mbiri ya tonse."

"Tonse anabereka ndani?"

"Nditha kukupangirani china chofanana nacho pamakina. Simungasiyanitse."

"Ngati sitingasiyanitse, chofananacho mupachike inuyo. Obwera kudzaona mlatho aona mlatho. Ine mundipatse chimene chinamuona mwana wanga."

"Mayi, inunso ndinu ovuta."

"Mwandiona liti? Sindinayambe."

Anakoka mpando, anakhala, anavula nsapato n'kuziika pambali. Munthu amene ankatha kusunga wogulitsa mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha mulu umodzi wa tomato sakanatopa ndi mzimayi wa magalasi. Anthu ankalowa, kuwalambalala miyendo, n'kutuluka. Wamagalasi anati chionetsero chikatha. Mayiwo anati lero. Wamagalasi anati sabata yamawa. Anati lero. Anati mawa.

"Lero mukamatseka. Makina anuwo sagona."

"Chabwino, mwapambana. Koma tiyeni mukachione kaye."

Anapita opanda nsapato.

Mlatho unali watsopano, zitsulo zake zikuwerengeka. Anthu atandanda pamwamba pake, aliyense ali njo, nkhope zooneka mpaka makwinya. Wachigayo ndi chipewa chake. Mzamba. Aphunzitsi aja a ndodo. Pansi pawo madzi sankaoneka ngati madzi. Anali ngati nsalu yoyera yosita. Mayiwo anadzipeza msanga: owonda, duku lopendekeka, milomo atamanga. Pambali pawo panali timiyendo ndi kabudula, zooneka mwachizimezime. Pamwamba pa kabudulayo panali utsi.

Anayandikira. Anabwerera m'mbuyo. Anapukuta pamenepo ndi chala.

"Wafufuta ndani?"

"Palibe, mayi. Kamera ya bambo inali yochedwa. Ankabisa mutu m'nsalu n'kukuwa kuti aliyense aime chilili, asaphethire. Chilichonse choyenda chinkatuluka chonchi. Onani madziwo. Mwanayu anatembenuka."

"Sankaima," anatero mayiwo, ndi mawu omwe aja otchulira mtengo wa anyezi. "N'chifukwa chake tinkati Kamvuluvulu."

Anadikira kuti mwina pachifuwa pawawa. Sipanawawe. Kunja galimoto inkaliza hutala, wina ankakolopa pakhonde. Maso awo anatsika ndi utsiwo mpaka pamene unathera, ndipo unathera pamkono. Pamenepo panali dzanja lawo litakanyanga kamkono ka mwanayo kuti asathawe, ndipo kuyambira pamenepo kupita kumunsi zonse zinkaoneka bwino. Tizala tisanu titatambasuka. Chala chachikulu chokhota, chimene anachipana pachitseko akukwawa. M'thupi lonselo, dzanja lokha ndilo linamvera wojambula.

"Ngati simukuchifunanso, ndimvetsa," anatero wamagalasi chapansipansi.

"Tagwirizana kale. Ine sindibweza katundu."

Wamagalasiyo sanadikirenso nthawi yotseka. Anazula timisomali, analowa nacho m'kachipinda ka makina, anatuluka ndi ziwiri. Mayiwo anazitembenuza zonse, ananunkhiza, n'kusankha chachikasu chonunkha katoni. Anachikulunga m'nyuzipepala, anavala nsapato.

Pamsika anapeza mpongozi akuwaza madzi pamasamba. Atawaona anaimika botolo m'mwamba.

"Mwawapeza?"

"Eya."

"Akuoneka?"

"Dzanja."

"Dzanja lokha?"

"Lamanzere."

Analowetsa nyuzipepalayo pansi pa benchi, pakati pa masaka opinda, pamene madzi safika. Kenako anayang'ana milu ya tomato, n'kuchotsa mmodzi pamulu umene mpongoziyo anadzazitsa.

"Ukufuna kundigwetsa iwe? Tawafunsa bambowo akufuna chiyani, aima kalekale."